Nyemba za M'thumba la a Kampira

Mwambi wa pusi uja, ana inu, unayamba motere. Koma dziwiranitu kuti pusiyo ankavala jekete, ndipo kutchalitchi ankakhala kutsogolo.

Kuseri kwa phiri kuno kunali kalabu ya alimi a matimati, tcheya wake a Jelasi Kampira. Vuto linali limodzi: lole ya ogula inkangotulukira, n'kupeza anthu asanathyole, kapena matimati ataola kale. Bungwe lina linawatumizira a Nasibeko, mayi wodziwa kupanga mapulogalamu a pafoni. Mayiyo ananeneratu kuti matimati apsa pakatha milungu isanu ndi umodzi, ndipo m'nthawi imeneyo manja ake angathe zinthu zitatu basi.

Anthu anatchula zofuna zawo, iye n'kumalemba chilichonse pakatoni yakeyake: uthenga wa tsiku la lole, za nyengo, zigoli za mpira, nyimbo yolira potsegula, chithunzi cha tcheya atavala tayi. Zinakwana khumi. Kenako anati mawa lake aliyense adzalandira nyemba zitatu, adzalowe yekha m'kalasi n'kuziika pa zimene akuziona kuti n'zofunika koposa.

A Kampira anabwera atadzaza nyemba m'thumba la jekete, ndipo analowa omaliza. Anapeza mulu waukulu pa uthenga wa lole, pa chithunzi chawo palibe ngakhale imodzi. Mtima unawawa. Anathirapo dzanja lathunthu. Atayang'ana zigoli anati, "Ichi chakoma," n'kuthira. Nyimbo nayo, "Ichinso chakoma." Potuluka, milu yonse inali yofanana.

A Nasibeko anaiyang'ana nthawi yaitali.

"A Tcheya, anthu makumi awiri, nyemba zonsezi? Zaswana?"

"Ndi mbewu yabwino imeneyo, mayi."

A Nasibeko anawachenjeza kuti dengu ndi limodzi, ukayamba kuikamo maungu matimati amasowa pokhala. Koma tcheya anati anthu alankhula, zonse zipangidwe, kuyambira pamwamba. Amene anasanja makatoniwo ndi a Kampira, ndiye mukudziwa chimene chinali pamwamba.

Milungu inatha. Chithunzi chinatuluka bwino, tayi ali pyoo. Nyimbo inkalira. Uthenga wa lole, umene unali pansi penipeni, unapangidwa mothamanga tsiku lomaliza, ndipo sukanapita mpaka chithunzi, nyimbo ndi zigoli zitayamba zatseguka. Pa netiweki yathu ino, imeneyo inali ntchito ya tsiku lonse.

Lachiwiri lina woyendetsa lole anaimba foni kuti afika Lachitatu m'mawa. A Kampira anadina kuti atumize uthenga, foni n'kumangozungulira. Anakwera pachulu, chimodzimodzi. Anakwera mtengo wa mango wapasukulu, jekete ili m'thupi. Ali panthambi yoyamba, pafoni panatuluka chipumi chawo. Panthambi yachiwiri nyimbo inayamba. Amayi obwera kumjigo anatula zidebe n'kumafunsana kuti pusi wamkulu chotere wachokera phiri liti.

Panthambi yachitatu zigoli zinafika, ndipo timu yawo inali itawina. Anakweza manja onse awiri.

Anagwa chagada, miyendo m'mwamba, foni ikuimbabe pachifuwa. Nyemba zotsala m'thumba zija zinamwazika pabwalo ponse. Mayi Nachanza, amene anali ndi munda waukulu kuposa onse, anatola imodzi n'kuiika pachipumi chawo.

"Yanga ndaika apa, a Tcheya. Apa ndiye pakufunika kukonza."

Uthenga sunapite. Amene anamva pakamwa anathyola, koma a kutsidya kwa mtsinje sanamve, ndipo matimati awo anadyedwa ndi nkhumba. Tcheya uja anayenda khomo ndi khomo kupepesa. Ena anamukhululukira, ena mpaka lero akamuona amafunsa ngati nyemba zikuswanabe. A Nasibeko anachotsa zonse n'kusiya uthenga wokha, ndipo umafika ngakhale patimafoni ta mabatani.

Msana wa pusi uja umawawabe kukachita mitambo. Musafunse kuti ndadziwa bwanji, ingondigwirani dzanja ndidzuke. Ndipo akadzakupatsani nyemba zitatu, muike zitatuzo, pakuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.