Phiri la Machipisi

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti Amalawi onse a mu Doha, kuyambira ku Old Airport mpaka ku Rawdat Al Khail, akuifotokoza kale, aliyense akuthirako mchere wake, bola ndiinene ndekha mwini manyazi. Sekani ndithu, ine misozi inandithera.

Ndine Asiyatu, kwathu ndi ku Mulanje. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku The Pearl, kwa Madam wina amene nsapato zake zokha zili ndi chipinda. Sikudzitama ayi, koma pagulu lathu la amayi kuno, wa Fomu 4 ndine ndekha. Chingerezi ndimachimva munthu asanamalize kuyankhula. Ndipo tsoka langa linalowera pomwepo.

Tsiku lina ndikusita, Madam analowa ndi foni m'manja n'kundionetsa chithunzi. Phiri losongoka ngati dzino la galu, mitambo italikulunga m'khosi, m'munsi mwake nyumba zamiyala zopanda madenga.

"Asiya, look! Machu Picchu, Peru! You know mountain?"

Kumufunsa zimenezo munthu wa ku Mulanje! Ndinaimika ayironi.

"Madam, ine ndinabadwira m'phiri. Mount Mulanje! Sapitwa ndimakwera ngati ndikupita kubafa. This one is small, Madam. Baby mountain. Chulu ichi!"

Kukwera ndinakwerako ndithu, pa ulendo wa sukulu ndili Fomu 2, nthawi imeneyo chiuno chili ngati cha mavu. Zoti masiku ano ndikakhala mu metro woyandikana nane amayamba wasendera, sindinaone chifukwa chozitchulira.

"Mashallah!" Madam anawomba m'manja. "Saturday morning, you and me, we climb. Yalla?"

Anapitiriza kuyankhula zina zambiri. Ndinamva patalipatali mawu oti "training" ndi oti "first we see," koma mutu wanga unali utakwera kale ndege, utamanga ndi lamba.

Madzulo omwewo ndinafufuza pa foni zonse za dziko la Peru. Anthu akale otchedwa Inka anamanga mzinda pamwamba pa mapiri, miyala kuilumikiza popanda simenti. Kuseri kwa mabwinjawo kuli phiri losongoka lija, masitepe ake opapatiza, kwina munthu amachita kugwira chingwe, kwina kukwawa. Ndipo ankati m'mamawa kumazizira koopsa. Zonsezi ndinaziloweza ngati za mayeso.

Lachisanu, day off yanga, ndinakwera metro kupita ku Old Airport, ku flat ya Patuma komwe amayi timasonkhana. Patuma ndi mtsikana wa ku Mangochi, amakonza zipinda mu hotela, pakamwa pake ndi lezala. Ndinadikira tiyi afike kaye pakati, kenako ndinatsokomola.

"Azimayi, mundikhululukire, masabata awiri akubwerawa simundiona. Mawa ndikunyamuka. South America."

Wina anasiya mandasi ali kukamwa.

"Kukatani, Anti?" anafunsa Patuma.

"Kukakwera phiri. Machu Picchu."

"Machipisi?"

"Machu Picchu, iwe! Mzinda wa a Inka. Zinthu za History, sungazidziwe, zimayambira ku sekondale."

"Ndiye Madam wanu pa anthu onse wasankha inuyo? Anti, paja masitepe a flat ino mumapumira kawiri."

"Ndimapumira ulemu, kuti ndisakupezeni musanakonze m'nyumba. Mwana wa kunyanja ungadziwe chiyani za phiri? Kwanu chokwera ndi bwato basi."

Amayi anaseka, ndinawina. Zitatero nyumba yonse inatekeseka. Anandichitira dua, pemphero la ulendo, manja m'mwamba, wina mpaka misozi. Wina anatulutsa juzi yomwe anabwera nayo kuchokera ku Malawi osaivalapo n'kamodzi komwe. Wina juzi inanso. Wina chipewa chaubweya chokhala ndi kampira pamwamba. Anandimangira mandasi a kamba wa panjira. Patuma anazula mtengo wa mopu n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ndodo yanu iyi, Anti. Koma mutitengereko mwala umodzi wa ku Machipisiko, tidzaugwire nafenso."

Pobwerera ndinaika pa status: "Peru loading. Ena akwera, ena akolopa." Mulungu andikhululukire, ndinawonjezera ndi kandege.

Loweruka m'mawa ndinavala ngati ndikupita ku Dedza mu Juni. Diresi, majuzi awiri, masokosi aatali, mpango, chipewa chija pamwamba pa mpango. Chikwama kumsana, sutikesi kudzanja, mtengo wa mopu kudzanja linalo. Kunja Doha akuwotcha ngati uvuni wa buledi.

Madam anatuluka atavala tizovala tothina ta masewera, m'manja kabotolo ka madzi basi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Asiya, why suitcase?"

"Experience, Madam. Mountain is cold."

"Leave it, leave it."

Ndinasiya sutikesi. Mumtima ndinati anthu olemera ndi choncho, zovala amakagula konko.

"Passport, Madam?"

"La, la! No passport."

Apa ndiye ndinamupatsa Madam ulemu wonse. Private jet! Ndalama ndi zabwino, abale, ngakhale a immigration amakugwadira.

Tinalowa mu lifiti. Madam anadina batani, lifiti m'malo motsika inayamba kukwera. Ndinagwira pamtima. Helikopita! Itinyamulira padenga! Ndinayamba kuganiza mmene ndidzamufotokozere Patuma, pang'onopang'ono, kuti zimupweteke bwino.

Chitseko chinatseguka.

Gym.

Magalasi mbali zonse, nyimbo zikugunda, azimayi awiri akuthamanga osapita kulikonse. Pakona panali makina awiri a masitepe oyenda okha, kutsogolo kwake chi-screen chachikulu ngati khoma. Madam anadinadina, ndipo pa screen panatulukira phiri langa lija, dzino la galu, mitambo ndi mabwinja ake omwe.

"Yalla, Asiya! Machu Picchu!"

Madam anafotokozanso zomwe ananena tsiku lija, ulendo uno ndinamvetsera mpaka kumapeto. Iye ndi Sir adzapitadi ku Peru mwezi wamawa. Akufuna kutenga wantchito mmodzi wamphamvu woti azidzanyamula chikwama. Ndikamaliza naye phiri la pa makinali mpaka pamwamba, tikiti ndi yanga.

Ndiye kuti Peru analipo ndithu, koma anali kuseri kwa masitepe amenewa. Ndikangofika pamwamba, kwa amayi kuja ndidzangonena kuti ulendo wasunthidwa, dzina langa n'kutsala loyera.

"Remove jacket," anatero Madam.

"No, Madam. Ife a ku Mulanje timakwera chonchi."

Ndikanavula bwanji nditanena kale kuti experience?

Tinayamba. Poyamba zinali bwino, ndinkachita kuimba ndi kamluzu, mtengo wa mopu ukugogoda. Pa screen tinadutsa nyumba zamiyala, timinda tosanjikizana ngati mizere ya m'phiri kwathu, ndi chinyama china cha khosi lalitali, nkhope ya ngamira thupi la nkhosa, chikutafuna mondiyang'ana.

"Madam, you see? No cement!" ndinatero, kuti adziwe kuti akuyenda ndi munthu wophunzira.

Kenako njira inaimirira. Makina aja, kaya anawauza ndani, anayamba kuthamanga. Phiri la kwathu lili ndi khalidwe, ukatopa umakhala pamwala, limakudikira. Ili ayi. Ukaponda sitepe, yathawa. Ukaponda ina, yathawanso. Thukuta linayamba kutsika kuchokera m'chipewa, kudutsa juzi yoyamba, juzi yachiwiri, mpaka m'masokosi munayamba kulira chofochofo.

"Asiya, okay?"

"Very okay, Madam!"

Mawu anatuluka ngati a mbuzi yomangidwa pa njinga. Madam akukwera uku akuyankha mameseji. Ine mtima ukugunda m'makutu, maondo akukambirana zosiya ntchito. Ndinayang'ana pa screen kuti mwina tayandikira. Mabwinja aja anali pomwepa, chinyama chija chikuonekabe, chikutafunabe. Ndinayamba kupemphera, ndinatchula mayi anga, ndinawakhululukira onse amene anandilakwira kupatula Patuma.

Ndiye ndinachita zomwe munthu aliyense wa kuphiri amachita akatopa. Ndinaima kuti ndipume.

Masitepe sanaime.

Anandilavula, abale! Ndinatsetsereka chagada, phii pansi, mtengo wa mopu uko, chipewa uko. Chikwama chinatseguka, mandasi n'kumagubuduka gym yonse, ena mpaka kunsi kwa azimayi othamanga aja. M'magalasi monse munali Asiyatu, Asiyatu, Asiyatu, onse atagona chagada.

Madam anakuwa, anaimbira a security. Ndipo pa alonda onse a mu Qatar, amene anatulukira ndi wheelchair anali Che Jafali a ku Machinga, amene dzulo lake anandilembera pa status kuti "safe journey achemwali."

Anaima. Anayang'ana ine, anayang'ana screen, anayang'ana mandasi.

"Achemwali, mwabwerako kale?"

"Achimwene, chonde. Ndagwira mwendo wanu."

"Wallah sindinaone kanthu. Koma mandasiwa nditole?"

Akundikankha kupita ku lifiti, Madam anandisisita paphewa. "Khalas, Asiya. You stay, you watch the cats." Peru anathera pomwepo. Anthu akukaona mzinda wa a Inka, ine ndikutsala ndi amphaka.

Che Jafali anasungadi chinsinsi, Mulungu awadalitse. Wondipereka ndinali ine ndemwe.

Ndinabisala m'nyumba, Lachisanu osatuluka, foni osayankha. Koma pa gulu lathu la WhatsApp Patuma sankagona. "Anti, mwafika? Zithunzi zili kuti? Kapena ku Machipisi kulibe network?" Tsiku lililonse. Mpaka mtima wa Fomu 4 unandiuza nzeru.

M'mawa wina gym ili phee, ndinakwera ndi majuzi anga ndi chipewa. Ndinadina screen mpaka inafika pamwamba penipeni pa phiri, pomwe mabwinja amaoneka pansi ting'onoting'ono ngati mabokosi a machesi. Ndinaima kutsogolo kwake, ndodo m'mwamba, nkhope ya munthu wotopa koma wopambana. Selfie! Ndinatumiza ndi mawu oti: "Pamwamba pa dziko. Kuzizira kwake simungakumvetse."

Gulu linaphulika. Mashallah! Mwatiimirira, Anti! Mitima, mbendera za Malawi, wina mpaka nthungululu pa voice note. Ndinakhala pansi n'kumamwetulira ndekha, msana ukupwetekabe koma dzina litabwerera.

Kenako inalowa voice note ya Patuma. Mawu ake ofatsa, aulemu, ngati akupereka moni kwa apongozi.

"Anti, zikomo kwambiri, mwatichotsa manyazi ife osaphunzira. Ndangoti ndizume chithunzichi kuti ndione bwino miyala yopanda simenti ija. Ndiye ndimafuna mundithandize, poti za History sindizidziwa. Ku Peru kumeneko, mitambo yake imalemba ma calories pakona? Ndipo kumbuyo kwanuko, pagalasipo, a Inka amenewo akufanana bwanji ndi Che Jafali, mpaka yunifolomu? Mwala uja musavutike nawo, Anti. Mungotitengerako thawulo."

Lero ndikalowa ku Old Airport palibe amene amanditchula Asiyatu. Ndine Anti Machipisi, ndipo ndikangofika pa masitepe a flat, amayi onse amatulukira pa khonde kudzandichitira dua.

Phunziro ndi lakuti bwana akamayankhula Chingerezi muzimudikira amalize, ndipo bodza musanalitumize, muziyamba mwalicropa.