Mpira Wofiira wa Ashefi

Lolemba

Ndikulemba mwachangu, Mariya ali kumsana, pensulo yatsala ngati chala chake.

Mpira wofiira waphwatalala mbali imodzi. Ndilembe bwino kuti mutu usazungulire.

Ku posito, boma la Apwitikizi a Kampani, kuli meza ya bilyari, yaitali ngati bwato, yokuta nsalu yobiriwira, matumba asanu ndi limodzi m'mphepete. Mipira itatu ya mnyanga wa njovu, iwiri yoyera, umodzi wofiira. Munthu amagunda woyera ndi ndodo, woyera ukagunde wofiira, wofiira ugwere m'thumba. Azungu amatha tsiku lonse pa zimenezi. Ntchito ya abambo a Mariya ndi kupukuta meza ndi kutulutsa mipira m'matumba. Chifukwa cha ntchitoyi, asipayo, asilikali a posito, akabwera kudzagwira amuna a mtengatenga opita kunyanja yamchere, nyumba yathu amailumpha. Mlongo wanga anamutenga ine ndili ndi pakati. Mariya akumera mano, iye sanabwerebe.

Ashefi, mkulu wa posito, ali kumapiri ku Maniamba, abwera Loweruka. Abambo a Mariya anabweretsa wofiirawo kunyumba kuti aunyike mu utoto wa makungwa, poti wasuluka. Anauyanika pamwala kuseri. Amayi anga anaupeza.

Amayi amaumba mbiya. Nkhulungo yawo yosalazira inatayika mwezi watha.

Abambo a Mariya anawaona ndi maso awo akunola mpirawo pathanthwe. Koma mkamwini salankhula ndi apongozi. Anaima, anatembenukira ku mtengo wa bwemba, anatsokomola. Amayi, mwaulemu, anatembenukira kwina n'kupitiriza kunola. Ndiye abambo a Mariya anathamanga mpaka kudooko kukandiitana. Pofika ine, ntchito yatha.

Amayi: "Unali woterera, sumagwirika. Ndaukonza."

Zochita:
osauza munthu,
kupeza mpira wina Loweruka lisanafike,
osalira pamaso pa amayi.

Chachitatu chalephereka kale.

Lachiwiri

Ku posito kwatsala sipayo mmodzi, ndipo ali kokawedza. Kiyi ali ndi abambo a Mariya. Ndalowa koyamba m'chipinda cha meza, mapazi ndapukuta kawiri.

Tikuyesa wophwatalala uja, mwina sizioneka. Zikuoneka. Ukuyenda motsimphina, gu, gu, gu, ukhotera kumanzere, ufika pakamwa pa thumba n'kukhala pansi ngati mlendo wodikira kuti amulonjere. Tauuzira mpweya tonse awiri. Osasuntha.

Abambo a Mariya akuti ashefi dzanja lawo ndi lofooka, wofiira wawo umaima pakhomo pa thumba masiku onse, ndipo mlembi wa Kampani amawagonjetsa Loweruka lililonse. Ndafunsa ngati sangaganize kuti ndi dzanja lomwelo. Akuti dzanja silimveka gu, gu, gu.

Ndapita ku Chiwanga wapansi, Mariya kumsana, kwa amalume a Barnaba osema mabwato. Ndawauza kuti ndikufuna chidole cha mwana, chobulungira bwino, chachikulu chonchi. Ayang'ana mwana, ayang'ana ine. "Mwana wako ndi wa Kampani?" Koma avomera.

Pobwerera ndadutsa pa nyumba ya alamu anga, mkazi wa mlongo wanga uja. Akufolera denga okha. Ndafulumiza miyendo.

Lachitatu

Mpira wa amalume wabwera. Mlombwa, wofiirira kale, wosalala. Pameza ukuoneka ngati mwini malo. Mtima wanga unatsika pang'ono.

Kenako abambo a Mariya agunda.

Mnyanga ukakumana ndi mnyanga umalira kuti kha. Uwu ukulira kuti bu. Ndi wopepuka, woyera ukangoukhudza ukuuluka ngati wamva za msonkho. Koyamba walowa m'thumba n'kutulukanso. Kachiwiri walumpha mphepete. Kachitatu wadutsa pazenera, ndipo mbuzi ya sipayo sinayembekeze.

Amalume amadzitama kuti chosema chawo sichinamirepo. N'zoona. Ngakhale m'thumba sichimira.

Amayi akuti angaumbe wa dongo. Ndawauza abambo a Mariya. Akuti ndiwathokoze kwambiri apongozi, ndiwauze kuti manja awo apumule. Ndawauza. Amayi akuti mkamwini wawo ndi waulemu, mwa akamwini onse a pamudzi pano.

Usiku wa dzulo sindinagone. Mariya malovu okhaokha, akuluma chala changa. Atate wake akumuyang'ana nthawi yaitali ngati akumuloweza.

Lachinayi

Popeza wopepuka wakana, tikuyesa wolemera. Ndasankha mwala pa khoka la atsibweni, mwa ija amamanga kunsi kuti ukonde umire. Madzi anaubulunga kale. Ndaupaka katondo.

Abambo a Mariya agunda pang'ono. Mwala wasuntha ngati chikhadabo. Woyera wabwerera wokha kwa mwini ndodo, ndipo wabwera wobenthuka.

Abambo a Mariya akhala pansi. Ine ndati mwina pafunika mphamvu. Sindikudziwa chifukwa chake anandimvera. Agunda ndi woyera winawo, mwamphamvu. Mwala wapita mowongoka, walowa m'thumba bwinobwino, wabowola thumba, watsikira pa chala chawo chachikulu.

Zowonongeka mpaka lero:
wofiira,
woyera mmodzi,
thumba la pakona, ndalisoka ndi ulusi wa ukonde,
chala,
mbuzi ikuyenda chammbali.

Ali chigwirire phazi, akuti: "Nkhani si kulemera, si kupepuka. Itatu yonse iyenera kulingana, kukula ndi kulemera komwe. Ikalingana, woyera umapereka mphamvu yake yonse kwa mnzake, mnzakeyo n'kupita kumene wamutuma."

Oyera awiri tabwera nawo kunyumba, wobenthuka kuti timate ndi phula, winawo woyerekezera. Tawabisa m'nkhokwe pamodzi ndi wofiira.

Madzulo amayi andifunsa: "Akuti bwanji amkamwini?"

Ndati akuti mipira iyenera kulingana.

Amayi: "Basi?"

Lachisanu

Ndalawira kumtunda kwa munthu wofula njuchi kukapempha phula. Ndabwera dzuwa lili pamutu.

Nkhokwe yotsegula.

Amayi ali kudooko, pa thanthwe lija lili ndi kadzenje. Athiramo mchenga ndi madzi, akugubuduza mipira itatu yonse ndi chikhatho, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Abambo a Mariya aima patali, nkhope ku bwemba, akutsokomola kuyambira m'mawa. Mawu atha. Anthu awiri awafunsa ngati ndi chifuwa chachikulu.

Ndati, amayi, mwatipha.

Amayi: "Unanena wekha." Atsinzina, ayeza uwu ndi uwu m'manja monga amayezera dongo, abwezera umodzi m'kadzenje, agubuduzanso.

Tsopano palibe wophwatalala, palibe wobenthuka. Yonse ndi yobulungira, yonse ikulingana. Inali ngati malalanje ang'onoang'ono. Tsopano ndi mandimu.

Umodzi taunyika mu utoto. Sitikudziwa ngati ndi womwe unali wofiira.

Phula ndilibe nalo ntchito. Ndakazinga chinangwa ndi usipa za paulendo wa mtengatenga, ndasoka thumba la kamba, ndachapa malaya a abambo a Mariya. Sanandifunse kuti n'za chiyani. Ambuye, mwana asakule akuloza nyanja pofunsidwa za atate wake.

Loweruka

Ashefi afika masana pa machila, fumbi mpaka m'makutu. Asamba, amwa vinyo, aitana mlembi. Ine ndaima kuseri kwa khitchini ya posito, Mariya ndamuyamwitsa kuti asalire. Ndikuona pang'ono pa mpata wa chitseko.

Kha. Phu, m'thumba.

Kha. Phu.

Mipira yachepa koma matumba ndi omwe aja, ndiye pakamwa patakasuka. Ngakhale ashefi aphonye pang'ono, wofiira ukukhudza ngodya n'kugwera. Dzanja lawo lofooka lija likuufikitsa tsopano, poti ndi wopepuka. Mlembi akugunda ndi mphamvu yake ya masiku onse, mipira ikulumpha mphepete, abambo a Mariya akuitola pansi akutsimphina.

Mlembi wanyamula wofiira. Wauyang'ana, wauponya m'mwamba pang'ono n'kuuwakha. Mkaka wanga unaima. Mlembiyo wayang'ana ashefi akuseka mpaka mano a kumbuyo. Waubwezera pameza.

Abambo a Mariya amamva Chipwitikizi. Akuti ashefi anati mphepo ya kumapiri yawalimbitsa dzanja. Awapatsa ndudu imodzi.

Tapulumuka! Amayi aphika chambo, atumiza mutu kwa mkamwini kudzera mwa ine. Chinangwa cha paulendo ndichipereka kwa alamu anga.

Lamulungu

Sindinachipereke. Zachita bwino.

Potuluka m'tchalitchi sipayo wa mbuzi uja akutidikira pansi pa bwemba. Akuti ashefi sanagone ndi chimwemwe. Akuti kunyanja yamchere kuli akuluakulu a Kampani amene anawaseka pa meza chaka china, ndipo tsopano akufuna kukawaonetsa dzanja. Anyamuka Lachiwiri. Mipira ya kumeneko sakuikhulupirira, atenga yawo. Atenganso munthu amene amaisamala bwino chonchi.

Ndafunsa kuti abwera liti. Sipayo akuti ashefi akapambana akhalitsa. Sindinafunse za tsiku limene mandimu athu adzaikidwe pafupi ndi malalanje a eni ake.

Zokonzeka kale:
chinangwa,
usipa,
malaya,
thumba la kamba.

Ndawauza abambo a Mariya akafunse za mlongo wanga m'njira. Mariya dzino latuluka lero, la m'munsi. Aliona.

Amuna ena adzasenza machila, migolo ya vinyo, bedi lachitsulo. Abambo a Mariya adzasenza kabokosi ka mipira itatu. Amayi akuti ndiwauze amkamwini asadandaule, katundu anawapeputsira kale. Akutinso akapeza mwala wosalala kumeneko awatengere, poti nkhulungo alibebe.

Ndawauza zonse ziwiri.

Atembenukira ku bwemba. Sanatsokomole.