Zikomo Potipatsa Nyanja

Kwa olemekezeka a Diretori oyang'anira mapa a mitsinje ndi madambo,

Bwana, ndikulemba nditagwada pafumbi, pamalo pomwe mapa anu akuti madzi amafika m'khosi. Ndine Avelino, mlimi wa fodya kwa Kamphulusa, ku Chidzolomondo.

Choyamba, tikuthokoza kandege kanu kopanda woyendetsa kaja. Kanadutsa kamodzi, kothamanga, n'kuona kuti mudzi wonse ndi wabuluu. Ife mbuli timayesa kuti amenewo ndi malona. Kufolera nyumba ndi zigafa za fodya ndi malona abuluu tinaphunzira kumsasa ku Malawi pothawa nkhondo, ndipo chizolowezicho tinabwera nacho. Sitimadziwa kuti tikufolera ndi madzi. Mapa atatuluka, mudzi wathu unalembedwa kuti ndi thamanda lalikulu lopanda anthu. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa, ndipo kanu katimeta mpala.

Chachiwiri, tikuyamika antchito okumba mijigo, omwe amakhulupirira mapa anu kuposa maso awo. Anafika chaka chatha ndi galimoto, naima pafupi ndi tchalitchi, nafunsa katekisita wathu Vicente njira yopita kumtunda. Mkulu wawo anatiuza mwaulemu kuti lamulo silimulola kukumba mjigo pakati pa thamanda. Anapempha madzi akumwa, tinalibe, ndiye anapita. Mjigowo anakaukumba kudambo la Nsanjika, komwe mapa akuti kuli mudzi. Achule a kumeneko akuti ndikuthokozereni.

Chachitatu ndi chaching'ono. Mkazi wanga Doroteia ali ndi pakati, ndipo amatsikirabe kudambo komweko ndi ndowa pamutu, kuchoka m'mamawa n'kubwera dzuwa lili paliwombo. Sabata yatha anagwa pachitunda. Pamenepa, bwana, nthabwala zandithera, ndili ndi mantha. Ndikamuuza kuti boma likuti madzi ali pakhomo, amandiyang'ana ngati ndamwa kachasu.

Tinaganiza zochotsa malona kuti mutione, koma tamva kuti kandege kadzabweranso mapa akadzatha ntchito, ndipo fodya sangadikire.

Sindikupempha kuti mukonze mapa, ndine yani ine. Ndikungopempha kuti mubwere nokha ndi bwato, mudzaone nyanja yanuyi mwana asanabadwe. Tidzakukankhani pafumbi muli m'bwatomo, kuchokera kumsewu mpaka pakati pa nyanjayo. Koma chonde mudzanyamule madzi akumwa, ndipo otsala mudzamusiyire Doroteia.

Ine nsomba yanu yomvera,
Avelino Mphadzula