Madisiketi Ofunda Ambulera

Mpaka lero mkazi wanga akaona ambulera amandiyang'ana cham'mbali.

M'zaka za m'ma 1990 ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka a Mhango ku Kawale. Kompyuta inali imodzi, woidziwa ndinali ndekha (ndinkayenda ngati ndinaipanga ndine). Mbiri ya odwala onse inali mmenemo. A Mhango ananeneratu kuti, "Achimwene, zimenezi zikadzasowa, nanunso mudzasowe."

Choncho ndinalemba kapulogalamu kokopera zonse pa madisiketi Lachisanu lililonse. Kankachedwa moti ndinkakadya tchipisi kumsika n'kubwerako kasanamalize. Tsiku lina kanamaliza ndisanadzuke n'komwe pampando. Wanzeru akanadabwa. Ine ndinakaitana a Mhango kuti adzaone liwiro.

"Mwakonza chiyani?" anafunsa.

"Ndi zaukatswiri, bwana, n'zovuta kufotokoza."

Madisiketiwo ndinkakawasunga kwathu ku Biwi. M'minibasi ndinkawakumbatira kuti kondakitala asawakhudze. Tsiku lina mvula inatipeza panjira ndi mkazi wanga, iye akuchokera kokonzetsa tsitsi, ambulera ili imodzi. Ndinafunditsa jumbo ya madisiketi. Mkazi wanga anafika kunyumba madzi ali chuchuchu.

Kenako magetsi anathima mwadzidzidzi, kompyuta n'kufa ndi zonse. Sindinatekeseke. Ndinalowetsa disiketi m'kompyuta yobwereka, a Mhango ataima kumbuyo kwanga. Munalibe kanthu. Yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yomaliza thukuta linali litafika m'masokosi.

Vuto ndinalipeza mochedwa. M'kapulogalamu muja, nambala yowerengera maulendo a odwala ndinaisankhira mtundu wolola manambala a pansi pa ziro, umene umathera pa 32,767. Atabweranso wodwala wina, nambala inagudubuka n'kukagwera kunsi kwa ziro. Kapulogalamu kakaona kuti odwala sakukwana ndi mmodzi yemwe, kankafufuta zakale pa disiketi, osakopera chilichonse, n'kundiuza mwaulemu kuti kamaliza. Liwiro lija linali limenelo.

A Mhango anasunga mawu awo. Nditafotokozera mkazi wanga, za ntchito sanafunseko.

"Ndiye mukuti m'jumbo muja munalibe kanthu, bambo a Chikondi?"

"Munali madisiketi."

"Opanda kanthu."

"Eya."

"Chabwino."

Ntchito ina ndinaipeza, ndipo pulogalamu ikafulumira masiku ano ndimayamba ndaikayikira. Koma kwathu ambulera ikadali imodzi, ndipo mvula ikagwa wonyowa amadziwika.