Injiniya Zakeyu ndi Mabolodi Atatu

Pulani inabadwira m'shabini ya mayi Clementina ku Makause, ku Joni, Lamulungu masana, anthu olongosoka asanatuluke n'komwe m'tchalitchi. Pa tebulo panali mabotolo akuluakulu aja amati ngudu, ndipo mozungulira mabotolowo munali amuna atatu omwe nzeru zawo mutaziphatikiza sizikanadzaza kapu ya tiyi.

Woyamba anali Douglas, wodzitcha Jenerali. Mfuti sanaigwirepo, koma anakhalapo mlonda ku Germiston mpaka tsiku lomwe akuba anazula geti lomwe ankalondera, iye ali mkonono. Wachiwiri anali Geoffrey, dzina la ntchito Simenti, waganyu wa zomangamanga, munthu wonyadira ntchito ya manja ake kuposa ana ake obereka. Wachitatu, mwini mavuto onse, anali Zakeyu, yemwe anzake ankamutcha Injiniya.

Uinjiniya wa Zakeyu unali wotchetcha kapinga ndi kuwola za agalu pa nyumba ya dona wina ku Primrose. Koma kwawo ku Ntcheu, pa Kampepuza, ankadziwika kuti ndi katswiri wa makompyuta, chifukwa tsiku lina anadzijambula atakhala pa desiki ya abwana n'kutumiza chithunzicho kumudzi. Mkazi wake Gertrude anakhulupirira. Anapeza kachipinda m'mbali mwa msewu, anakapaka laimu, n'kulembetsa chikwangwani chachikulu chakuti pano padzakhala pobenera nyimbo ndi mafilimu pa Injiniya Zakeyu. Chikwangwanicho chinapsa ndi dzuwa, chinanyowa ndi mvula, kompyuta osabwera. Mapeto ake Gertrude anayankhula pa foni mosapsatira mawu.

"Bambo a Mavis, malonjezo ndadya okwanira. Anthu kuno akundiloza ndi milomo. Mukabwera chimanjamanja ulendo uno, musavutike kutsika pa Kampepuza. Mungopitirira."

Tikiti ya basi Zakeyu anali atagula kale, ya Lamulungu lotsatira. Kompyuta nayonso anali nayo, yomwe dona uja anamutayira mwana wake atasamukira kunja. Inali kakang'ono ngati chigubu cha mafuta ophikira, yokwana bwino m'chikwama cha pamiyendo, yosafuna kukangana ndi a basi za katundu. Vuto linali limodzi lokha: sinkayaka. Mkulu wina wokonza mafoni pa renki ya matekisi anaiyang'ana ndi diso limodzi, linalo lili pa mpira, n'kugamula kuti mazabodi yapsa, bolodi lija lomwe ziwalo zonse za kompyuta zimakhalapo. Laling'ono lokwana m'kabokosi kotere linkapezeka ku Actonville, m'shopu ya a Gaffar, mmwenye wobadwira ku Limbe, pa mtengo woti wotchetcha kapinga angousilira.

"Majita, tcherani khutu," anatero Jenerali, akusuntha mabotolo ngati asilikali pa mapu. "Lachisanu masana a Gaffar amatseka shopu kupita kumzikiti. Msewu wonse umakhala zii. Chitseko cha kuseri anakhoma ndani?"

"Ine," anayankha Simenti. "Ndipo ndinakhoma bwino."

"Ndiye ukakhomolenso bwino. Tsono mverani pomwe pali ujenerali. Mbava yopusa imanyamula bokosi lonse. Ife titenga za m'kati zokha, m'bokosimo tisiyamo chinthu cholemera mofanana. Mwini wake akamadzadzidzimuka, Injiniya adzakhala atawoloka Beitbridge."

"Ndidula tailosi," anatero Simenti. "Mundipatse muyeso basi."

Zakeyu anamva mtima wake kupepuka koyamba mwezi umenewo, moti anaitanitsa ngudu ina. Mayi Clementina, mzimayi wa ku Chipata amene makutu ake sankapita patchuthi, anabweretsa botolo n'kufunsa mwaulemu, "Ba Jenerali, nanga geti ija munaipeza?"

Lachisanu zonse zinayenda bwino mochititsa mantha. Chitseko chinachoka ngati chinkawadikira. Analowa m'nyumba yosungira katundu, anadutsa, n'kuima kutsogolo kwa shelefu. Apa ndi pomwe Jenerali anazindikira kuti nkhondo yake anaikonzekera mbali imodzi.

Mabolodi ang'onoang'ono analipo atatu. Mabokosi ake anali ofanana ngati ana a mimba imodzi, msinkhu umodzi, onse akuda, onse olembedwa zilembo ndi manambala osatchulika. Chidutswa cha tailosi chinali chimodzi.

"Sankha, Injiniya," anatero Jenerali. "Shapushapu."

Zakeyu anatsitsa mabokosi onse atatu, anawayala pa kauntala, n'kuyamba kuwayang'ana mokwinya nkhope ngati dokotala. Sankamvapo kanthu. Koma dzina ukalidya zaka zambiri, umalipira tsiku limodzi.

"Ili lili ndi tinyanga tiwiri," anatero. "Ndiye kuti limakoka netiweki."

"Tenga limenelo," anatero Jenerali.

"Koma ili lili ndi mabowo ambiri kumbuyo. Pobena nyimbo pamafunika mabowo."

"Iwe mfethu, taona ili," Jenerali anatola lachitatu. "Pachithunzipa likuyaka magetsi ofiira ndi obiriwira. Anthu a pa Kampepuza akufuna mabowo kapena akufuna kuona magetsi? Ukayatsa ili, ngakhale abusa adzabwera kudzabena kwaya."

Simenti anawalanda mabokosiwo n'kumawayesa m'manja limodzilimodzi. "Inu simudziwa katundu. Njerwa yabwino imadziwika ndi kulemera. Lolemera ndi ili la mabowo."

"Kompyuta si chimbudzi, Simenti," anatero Jenerali.

"Nanga ndi disiko?"

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Amuna atatu akuluakulu, olowa m'shopu ya eni kudzera chitseko chozula, anaiwala kuti ndi mbava n'kusanduka komiti. Anavota, aliyense anavotera lake. Anavotanso, Jenerali anakweza manja awiri, Simenti anakana zotsatira. Zakeyu thukuta lili kamukamu ankatembenuza mabokosi, kufunafuna paliponse pomwe palembedwa kuti ili ndiye la kompyuta ya dona. Kenaka panja panamveka galimoto yoyamba yochokera kumzikiti.

Zakeyu anatseka maso n'kuloza. Chala chinagwera pa la magetsi. Analisolola, Simenti analowetsa tailosi yake m'bokosi mwachikondi, mabokosi anabwerera pa shelefu. Potuluka anachedwanso, chifukwa Simenti anakana kusiya chitseko chopendama. Anachibwezera, anachiyesa kutsegula ndi kutseka, n'kudzitamandira yekha. Pa ngodya ya msewu anakumana ndi a Gaffar akuchokera kokapemphera, ndipo Jenerali anawavulira chipewa.

M'kachisakasa ka Zakeyu chikondwerero sichinakhalitse. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Zakeyu anatsegula kompyuta, anachotsa kaubongo kake, kachitsulo kaja kokhala ngati bisiketi, n'kukaika pa bolodi latsopano. Sikanalowe. Anakatembenuza. Sikanalowe. Malo ake anali ena, kapangidwe kena, ngati chivindikiro cha poto wa eni.

"Ndikadule pang'ono m'mbalimu?" anafunsa Simenti. "Girayinda ndili nayo."

"Ndinanena ine kuti tiganize mofatsa," anatero Jenerali, yemwe sananenepo zimenezo.

Zakeyu anabwezera kaubongo pamalo pake akale. Anachita mantha enieni, osati a apolisi, koma a Gertrude ataima pansi pa chikwangwani chija, anthu a pamsika akuonerera. Basi inali mkuja. Lachisanu lina kunalibe.

Jenerali anayenda uku ndi uku m'chipinda chomwe munthu sangayendemo uku ndi uku, kenaka anaima. "Majita, kuno ndi ku Joni. Kuno kasitomala ali ndi ufulu. Katundu akapanda kukwana, umakabweza, amakusinthira."

"Katundu wakuba?" anafunsa Zakeyu.

"Akudziwa ndani kuti ndi wakuba? Pa shelefu mabokosi ndi atatu, onse olemera. Tikanena kuti tinagula mwezi watha, lisiti linanyowa. Titenge ndi kompyutayo kuti mwini wake atisankhire yekha loyenera. Tatopa ndi mainjiniya."

Munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Zakeyu anavomera.

Loweruka m'mawa anafika atatu onse, atapisira malaya. Khomo la kutsogolo la shopu ya a Gaffar linali ndi geti lachitsulo, lija lotseguka pokhapokha mwini shopu akadina batani pansi pa kauntala. Linalira, analowa, linadzitseka kumbuyo kwawo. Jenerali, katswiri wa mageti, sanaonepo vuto.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" anatero a Gaffar. "Aa, ndi a Geoffrey omwe. Bafa lija mudzamaliza liti? Mayi kunyumba akufunsa."

"Lolemba, bwana," anayankha Simenti.

Zakeyu anaika kompyuta pa kauntala, pambali pake bolodi lokulungidwa m'jumbo ya buledi, n'kufotokoza nkhani ya lisiti lonyowa. A Gaffar anamvetsera mpaka kumapeto. Anatenga bolodilo, analiyang'ana uku ndi uku, n'kukanda ndevu.

"Zodabwitsa. La mtundu uwu ndinaitanitsa limodzi lokha, ndipo sindikukumbuka kuti ndinaligulitsa. Koma ukalamba ndi matenda. Taimani ndione."

Anatsitsa bokosi lija pa shelefu, analitsegula, n'kusolola chidutswa cha tailosi chobiriwira, cha maluwa oyera. A Gaffar anachiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa maluwa amenewo ankawadziwa. Akazi awo anazungulira Benoni yense kusankha matailosi amenewo a m'bafa.

Mpata wokana unalipobe. Zakeyu anali atatsegula kale pakamwa kuti adabwe nawo. Koma a Gaffar anayendetsa chala m'mphepete mwa chidutswacho n'kupukusa mutu.

"Kaya ndani anachita izi, ntchito sadziwa. Taonani kudula kokhota uku. Ngati waluma ndi mano."

"Kokhota pati?" Simenti analumpha. "Bwana, ikani sikweya pamenepo muone. Ndadula ndekha ndi girayinda, ndinapalanso m'mbali kuti chisang'ambe bokosi. Inu mukuti kokhota?"

Jenerali anayenda chambuyo mpaka msana unagunda geti. Analikankha, analikoka, analigwedeza. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anapeza geti lomwe silinkachoka.

"Khalani pansi, achimwene," anatero a Gaffar, foni ili kale kukhutu. "Apolisi a Loweruka sachita changu."

Anakhala pa benchi la makasitomala mondondozana. Podikira, a Gaffar anakokera kompyuta ija pafupi, mwina chifukwa cha chizolowezi cha ntchito. Anasuzumira m'kati, anakhazika bwino kaubongo, anaitembenuza, n'kupeza kaswitchi kakang'ono kumbuyo, pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Anakadina. Analumikiza chingwe ndi sikirini, anadina batani la kutsogolo. Kompyuta inalira kamodzi, fani inazungulira, pa sikirini panatuluka chithunzi cha galu wa dona uja, yemwe Zakeyu ankamuwolera m'mawa uliwonse.

"Ilibe vuto iyi," anatero a Gaffar. "Inangozimitsidwa kumbuyo. Ndani anakuuzani kuti mufunika bolodi?"

Zakeyu anasuzumira pa sikirini. Anangoyang'ana galuyo, misozi ili lengelenge. Miyezi yonseyi ankagona ndi ukwati wake pansi pa bedi, uli bwinobwino, ukungodikira chala chimodzi.

"Komabe," ananong'ona Jenerali, "la magetsi lija linali labwino."

"Lolemera," anatero Simenti.

Anakanganabe m'galimoto ya apolisi mpaka kusiteshoni. Kompyuta inatsala m'manja mwa boma ngati umboni, pamodzi ndi bolodi ndi chidutswa cha tailosi. Basi ya Lamulungu inanyamuka ndi mpando umodzi wopanda munthu.

Kumudzi Zakeyu anapitabe, patapita miyezi, atamaliza chilango chake. Mapepala ake anali atatha kalekale, choncho boma linamukonzera ulendo waulere mpaka ku Malawi. Munthu amene ankada nkhawa ndi kukula kwa katundu anafika ku Blantyre atanyamula jumbo yokhala ndi mswachi. Mbale wina wachisoni anamukweza minibasi ya ku Ntcheu.

Atayandikira pa Kampepuza anachiona chikwangwani chija patali. Utoto unali utasuluka, koma dzina lake linkawerengeka bwino. Pansi pake panali Gertrude, atayala tomato ndi kabichi pakhomo pa kachipinda kotseka, Mavis atakhala pambali pake, wamtali kuposa mmene bambo ake ankamuganizira. Minibasi inachepetsa liwiro, Gertrude anadzutsa mutu kuyang'ana m'mawindo, monga ayenera kuti ankachitira ndi galimoto iliyonse yochokera kummwera.

"Kampepuza, otsika?" anafuula kondakitala. "Bambo inu, simunati pano? Katundu wanu ndi uti?"

Zakeyu anaterera pansi pa mpando mpaka mutu unabisika, jumbo yake ataikumbatira pachifuwa.

"Ndilibe katundu," anatero. "Tiyeni tipitirire."