Machubu Anga Owola Okha

Lolemba, 27 Novembala 1989

Zatheka! Zaka khumi ndikutsuka mabotolo mu labu ya mgodi, lero ndili ndi pulasitiki yopanga ndekha, yowola yokha. Zopangira: sitachi ya chinangwa, viniga, madzi, ndi gilisalini wodzola wa mayi a kunyumba, a Nabanda (sanadziwebe). Kuphika, kuyala pagalasi, kuyanika, kumata. Machubu a mbande 120! Ukubzala mtengo ndi chubu chake chomwe, chubucho n'kusanduka manyowa.

Bwana wa labu akuti akaona ndi maso Loweruka, pobzala mitengo pa dampu, mulu wa dothi lotayidwa la mgodi, asayina kalata yanga yopita ku yunivesite ku Harare.

Lachiwiri

Mphemvu zaboola machubu 18 m'kabati. Sindikudandaula ayi. Kodi mphemvu inadyapo pulasitiki ya m'sitolo? Umboni woyamba umenewo! Ndikulemba m'kope: zamoyo zikuilandira bwino.

A Nabanda apeza m'botolo lawo la gilisalini mulibe kanthu. "Ndiye ndizidzola sayansi yanuyo?" Akazi a anthu otchuka amavutika poyamba.

Lachitatu

Ndikuyanika otsala pa waya kuseri kwa nyumba kuno ku komboni ya Chipadze. Mbuzi ya aneba. Sindikufuna kulemba zambiri. Atsala 61.

Mwini mbuzi, m'Chishona chake: "Sekuru, ikafa motondiripa." Ndiye kuti ikafa ndimulipire. Ifa bwanji? Ikudumpha ngati yamwa tiyi wa mkaka. Umboni wachiwiri: mulibe poizoni. Azungu amayesera pa makoswe, ine pa mbuzi yathunthu.

Lachinayi

Ndikupita nawo machubu ku nazale ya mgodi. Kapitawo wake ndi a Phiri, mkulu wa kwathu ku Dedza, anayamba kubzala mitengo pano ine ndisanabadwe. Tikuthira dothi, tikuika mbande. Ndikuwafotokozera za unyolo wa mamolekyu, iwo akungoti "eya, eya" uku akuyang'ana kumwamba.

Masana mvula, ya matalala. Machubu 20 a kunja kwa shedi asanduka phala. Ndikuvina pamatope ndekha: maola awiri okha! Ya m'sitolo ikanakhala pomwepo mpaka zidzukulu.

Lachisanu

Atsala 41. Mndandanda wa mawa:
jekete ya ukwati
kalata, cholembera (bwana asanamizire kuti alibe)
chubu chimodzi chokongola kwambiri, m'thumba la mkati
osatchula mbuzi

Ndikuyeserera mawu pagalasi. A Nabanda akuti ndikuoneka ngati mlaliki wa pa siteshoni. Ndi nsanje chabe.

Loweruka

Kombi, minibasi ya kuno, palibe. Wapansi mpaka ku dampu, dzuwa lili ng'aa, jekete ili pathupi. Ndikufika mochedwa, thukuta kamukamu.

Mitengo 40 yabzalidwa kale, mizere yowongoka bwino. Pambali mulu wa zinyenyeswa. A Phiri ang'amba chubu chilichonse asanabzale, monga achitira zaka zonsezi! Zina aponya kale m'dzenje la zinyalala.

"Aphwanga, mtengo sabzala ndi malaya. Mizu ipuma bwanji?"

Ndikufuna kulira, ndikufuna kuwaluma. Koma ndi akulu, ndikungoti zikomo, mwagwira ntchito.

Bwana akufika. "Tione chinthu chija." Ndikupisa m'thumba monyadira, dzanja likutuluka ndi phala lotuwa, lofunda, lonunkha viniga. Thukuta langa lomwe laisungunula pulasitiki yanga. Bwana akuyang'ana dzanja, akuyang'ana ine, akubweza lake kumbuyo. Cholembera sichikutuluka n'komwe.

Komabe tinene zoona: ndani ankadziwa kuti imasungunuka ndi thukuta? Ndatulukira ine.

Lamulungu, 3 Disembala

Tikuweruka ku tchalitchi, ine ulendo ku dampu ndi kathumba, kuti nditole zinyenyeswa zokaonetsa bwana mawa. M'dzenje muli chiswe chokhachokha, chonenepa. Ndikufukula ndi kamtengo mpaka a Phiri akundipeza. Akhala pansi nane, akuti, "Mukadanena kuti n'zobzala nazo." Mumtima ndikuti: ndinanena, akulu, ndinanena Lachinayi. Ndikungogwedeza mutu.

Ku Harare sindipita chaka chino, ndipo zikundiwawa kwambiri. Ndinalonjeza pulasitiki yosasiya kanthu, ndipo yandisiyadi ine chimanjamanja. Wondichitira umboni ndi chiswe basi, ndipo chiswe sichisayina kalata.