Nsomba Zanga pa Chikamwini

Lolemba, 11 Juni 1956

Zafika! Zonse zisanu ndi zinayi, zamoyo. Kuchokera ku esiteti ya fodya mpaka kuno ndayenda wapansi, njinga ndikungokankha. Bokosi lagalasi pa kaliyala, lokulungidwa m'bulangete. Nsomba m'ndowa pa handulo. Lole ikamadutsa pa msewu wa Namitete, ine kuima, n'kuphimba ndowa ndi chipewa kuopa fumbi.

Dona wa bwana wathu akubwerera kwawo. Zaka ziwiri ndakhala ndikusuzumira nsombazi pa zenera lake popita ku sikelo yoyezera fodya, ndiye lero wandiitana, akuti, “Kalaliki, tenga. Koma usaziphe.” Mawu omalizawo ndi amene akundisowetsa mtendere.

Zimene ndapatsidwa:
– bokosi lagalasi, ndi mchenga wake, ndi udzu wake womera m'madzi
– kanyali ka palafini koyatsa pansi pa bokosi kuti madzi asazizire
– kagalasi koyezera kutentha, konga ka kuchipatala, kokhala ndi ulusi wofiira posonyeza poyenera kufika
– kachitini ka chakudya chooneka ngati fodya wopera
– nsomba: zofiira zinayi, zamizeremizere zitatu, zotuwa ziwiri. Yaikulu kuposa zonse sikwana chala changa chaching'ono.

Malamulo a dona, ndalemba kuti ndisaiwale:
1. Chakudya kungotsina, kamodzi pa tsiku.
2. Madzi osachotsa onse nthawi imodzi.
3. Bokosi osalitsuka.
4. Madzi asazizire. Ndipo uno ndi Juni!

Bokosi ndaliika pa khonde, pa njerwa zinayi, pomwe dzuwa limayambira kuwomba. Mudzi wonse wabwera kudzaona. Alamu anga a Yosefe, achimwene a mkazi wanga Naphiri, akufunsa kuti zikula liti. Ndikuti sizikula. Akuti nanga tidya liti. Ndikuti sizidyedwa, n'zongoonera. Andiyang'ana nthawi yaitali, akuti, “Alamu, dzuwa la ku sikelo muzivala chipewa.”

Asekeni. Chaka chachitatu chino ndili pa chikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, malo ndi a kuchikazi. Munda ndimalima ndine, nkhokwe amatsekula ndi apongozi. Mwana wathu akadwala, wolamula za mankhwala ndi a Yosefe. Koma nsomba izi n'zanga. Chinthu choyamba m'mudzi muno chimene ndingaloze n'kunena kuti changa. Zikafa, ndibwerera pomwe ndinali.

Apongozi okha sanabwere, poti ine ndilipo. Sitionana maso, ndiwo mwambo. Amabwera kwa mwana wawo ine ndikapita ku ntchito.

Lachiwiri, 12 Juni

Ndaweruka, ndapalasa ngati pali wondithamangitsa. Kufika pa khonde, mayo! Madzi ali mbee ngati matsukwa. Pamwamba pali gaga yekhayekha.

Naphiri akuti amayi anabwera, anazikonda kwambiri, anakhala pansi n'kumaziyang'ana mpaka kuiwala mtondo. Kenaka anafunsa kuti zadya chiyani. Naphiri anawasonyeza m'mene ndinatsinira m'mawa. Akuti anagwira pakamwa. “Bambowa ndi oumira chonchi? Chiweto cha mwini n'kumachinunkhiritsa chabe?” Anathamangira kwawo, n'kubwera ndi gaga wodzaza manja awiri.

Ine woumira! Ine amene ndagona ndi mutu wopweteka chifukwa cha tinthu timeneti!

Gaga ndachotsa ndi sefa ya tiyi. Ndatunga madzi pang'ono, ndathira ena ofunda pang'ono, monga mwa lamulo lachiwiri. Yofiira imodzi yayandama chagada. Ndaikwirira kuseri kwa nyumba nkhuku zisanaone. Zatsala zisanu ndi zitatu.

Kukalipa sindingathe, apongozi sakalipiridwa. Ndatuma Naphiri kuti mawa akanene kuti: nsomba izi sizidya gaga. Mawu anayi okha. Ndamubwerezetsa kawiri, mpaka wandifunsa ngati ndamuyesa mwana wa sukulu.

Lachitatu, 13 Juni

Uthenga wafika. Naphiri akulumbira kuti ananena momwemo, anangowonjezera ulemu pang'ono. Ndamufunsa kuti ulemu wake wotani. Akuti, “Ndinati bambo akuthokoza kwambiri, koma akuona kuti gaga sizinamuzolowere.”

Ndiye amayi amvetsa. Akuti zoona, nsomba zoleredwa ndi dona sizingadye za nkhumba. Lero abweretsa nsinjiro. Mtedza wa m'munda mwawo, wosankha, wosinja ndi manja awo.

Pamwamba pa madzi pali mafuta onyezimira. Fungo lake silakuti munthu n'kuima pafupi. Nsomba zonse zabwera pamwamba, kukamwa yasa yasa. Zamizeremizere ziwiri zapita. Zatsala zisanu ndi imodzi. Pochotsa mafutawo, sefa yagwera m'madzi kawiri.

Zimene ndingachite:
1. Kulowetsa bokosi kuchipinda. M'menemo ndi mumdima ndi utsi, ndiponso mawa mudzi wonse udzamva kuti mkamwini wabisira apongozi ake tinsomba.
2. Kutuma a Yosefe. Ndayesa. Aseka mpaka kutsokomola, akuti iwo nkhani za maliro a nsomba salowerera.
3. Kulemba chikwangwani n'kumata pa galasi. Kulembera apongozi chikwangwani! Bwino ndingolongedza katundu ndekha.
4. Kujomba ku ntchito, kukhala pa khonde tsiku lonse. Ino ndi nyengo ya msika, fodya ali mpaka kudenga.

Palibe chotheka. Ndatumanso Naphiri. Uthenga wa lero: chakudya chili chonse ayi, madzi akuda. Ndamupempha kuti ulemu achepetseko.

Lachinayi, 14 Juni

Ndili patali ndaona khonde likung'anima. Mtima unayamba kukondwa. Chitsiru ine!

Bokosi lili mbee, loyera kuposa tsiku limene linachoka kwa dona. Amayi amva kuti madzi akuda, ndipo achita manyazi kuti mkamwini wafika podandaula za uve m'nyumba ya mwana wawo. Nsomba anazitsanulira m'mbale. Bokosi analikwecha ndi phulusa ndi mchenga monga amachitira ndi mtsuko. Madzi anakatunga okha ku chitsime cha kudambo, m'mamawa, mame asanaume pa udzu, kuti akhale oyera bwino. Ozizira oti dzino n'kuthyoka.

Udzu wa m'madzi uja palibe. Akuti anapalira. Naphiri akuti amayi anadabwa kuti munthu wolima bwino ngati ine ndingasiye bwanji tchire likumera m'nyumba ya ziweto.

Kanyali anazimitsa. “Nyali masana? Palafini akuchita kutola?”

Malamulo anayi a dona, onse athyoka masiku atatu okha, ndipo wothyola sakudziwa n'komwe kuti alipo. Kagalasi koyezera katsika, ulusi wofiira watsala kumwamba. Nsomba zakhala pansi, zipsepse zapinda, sizikugwedezeka. Ziwiri zafa, yofiira ndi yamizeremizere yomaliza. Zatsala zinayi.

Ndayatsa kanyali, ndafunditsa bokosi bulangete langa. Chakudya chandikanika. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti sindingathe ngakhale kuwada. Munthu wachikulire kupita kudambo ndi chisanu chimenechi chifukwa cha nsomba zanga! Akanakhala ankhanza bwenzi zili bwino, ndikanadziwa chochita.

Mawa ndilankhula nawo ndekha. Ndaloweza kale mawu ake: Amayi, chonde nsombazi musamazikhudze. Ndanena kakhumi ndikuyang'ana khoma.

Lachisanu, 15 Juni

Ndanyamuka mochedwa dala, ndadzera njira ya kuchitsime. Apongozi awo akubwera, mtsuko pamutu. Atangondiona apatukira m'tchire, agwada kuseri kwa chulu. Inenso njinga pansi, ndapatukira mbali inayo, ndagwada kuseri kwa mtengo wa msuku, chipewa m'manja, nkhope kuyang'ana kwina.

Ndagwada pa chitedze.

Poyamba sindinamve. Tayamba malonje, m'manja phu phu. Afunsa m'mene ndadzukira. Afunsa za ku ntchito, za amayi anga ku Kasiya, za mwendo wa atsibweni anga uja unatupa chaka chatha. Inenso ndafunsa zawo, mmodzimmodzi. Apo n'kuti maondo ayamba kuyaka, mikono ikuyaka, mpaka m'khosi. Kukanda pamaso pa apongozi sikutheka, ngakhale ali kuseri kwa chulu.

Akuti, “Nanga tiana tathu tija tagona bwanji?” Tathu!

Nthawi yakwana. Ndatsekula pakamwa. Zimene zatuluka n'zakuti, “Amayi, zikomo kwambiri chifukwa chozisamala.” Ndamva ndekha ndikunena, sindikudziwa kuti zachokera kuti. Akuti, “Aa, bambo, tingasiye bwanji? Inu muli ku ntchito.” Mawu awo okondwa, oti munthu sungawadule.

Ndalimba mtima komaliza. “Kungoti zimamva chisanu, amayi. Madzi ozizira zimadwala nawo.”

“Hoo! Chisanu eti? Mukananena kale, bambo.”

Ndadikira mpaka mtsuko wazimiririka, kenaka ndadzigubuduza mu mchenga ngati bulu. Ku sikelo ndafika mochedwa, thupi lonse zidzolo, anzanga akuti ndalumidwa ndi njuchi.

Koma madzulo ano zonse zinayi zili moyo! Palibe gaga, palibe nsinjiro, kanyali kakuyaka. Zikusambira, zadya. Akuti amayi anali ku maliro tsidya lija tsiku lonse. Komabe ndikuona ngati tamvana. Munthu ukalankhula wekha zinthu zimayenda.

Loweruka, 16 Juni

Taweruka masana. Ndafika ndikuimba mluzu.

Pa bokosi pakutuluka nthunzi.

Amayi sanaiwale za chisanu. Anatereka mphika waukulu uja wa madzi osamba, n'kuthira wonse. Akuti anayesa ndi chala, anali abwino, oti mlendo wolemekezeka n'kusamba. Kenaka anaona kuti kanyali n'kakang'ono, anawonjezera makala pa phale. Kagalasi koyezera kapitirira ulusi, kafika kumapeto kwenikweni.

Zofiira ziwiri ndi yotuwa imodzi, zonse chagada. A Yosefe anasuzumira, akuti, “Alamu, pangotsala mchere ndi matimati.” Sindinaseke. Aona nkhope yanga, achoka mwakachetechete.

Yatsala imodzi. Yotuwa, yosakongola kuposa zonse, imene sindinkaiyang'ana n'komwe. Yabisala pakona, mimba yatupa. Nsinjiro zija, ndithu. Sindikuona ngati ifika mawa.

Ndakalipira Naphiri, koyamba chikwatirane. Ndati m'mudzi muno munthu sangakhale ndi kanthu kake, ngakhale kotalika ngati chala. Walira. Akuti, “Amayi anga asiya munda wa mbatata sabata yonse chifukwa cha tinsomba tanu. Inu munawathokoza nokha, ndiye mukufuna ine ndikawauze chiyani?”

Ndinawathokozadi.

Lamulungu, 17 Juni

Kutacha inali ikupumabe. Ndapita ku tchalitchi ndekha, Naphiri watsala ndi mwana amene akutsokomola. Ulaliki sindinamve. Popemphera ndatchula nsomba, mwamanyazi, chamumtima.

Kubwerako, pa khonde pali njerwa zinayi zokha.

Naphiri akumwetulira, za dzulo waiwala. Akuti si nsinjiro. Yotuwa ija inali ndi pakati! Yabereka ine ndili ku tchalitchi, osati mazira, tiana tamoyo, tosambira tokha, tating'ono ngati mpunga wothyoka. Amayi ndiwo anayamba kuona, akuti analuluta mpaka anthu anatuluka m'nyumba.

Akutinso make anayamba kuthamangitsa ana kuti awadye. Amayi anazindikira msanga, poti nkhumba yawo inachitapo zomwezo. Anamuvuula ndi chikho, n'kumuika m'mbale yakeyake. Zimenezi dona sanandiuze. Ndikanakhala ine bwenzi ndikungoyang'ana mpaka tonse titatha.

Bokosi analinyamula ndi azimayi ena awiri, lili ku nyumba kwawo. Akuti chikuta, mwamuna salowako. Ndiponso akhala akuganiza sabata yonse, ndipo apeza chimene chikupha nsomba. Akuti iwo akamazisiya zimakhala zamoyo, zokhuta, zosangalala. Zakufa zimapezeka bambo akangofika. Sakundiimba mlandu, akuti thupi la mwamuna n'lotentha basi, tiana sitingapirire.

Ndafunsa kuti tilipo tingati. Akuti za m'chikuta siziwerengedwa. Ndafunsa a Yosefe ngati bokosi lidzabwerera pa khonde langa. Akuti make yekha ndikhoza kutenga nthawi ina iliyonse, poti anabwera nane. “Koma zobadwira m'mudzi muno, alamu, eni ake mukuwadziwa kale.”

Ndikuwadziwadi.

Ndakhala pa khonde mpaka dzuwa lapendeka. Kwa apongozi kukumveka kuseka, azimayi akulowa ndi kutuluka. Atumiza uthenga kudzera mwa Naphiri kuti ndisadandaule, ana ali bwino, adzandiitana kudzawaona mchombo ukagwa.

Nsomba ilibe mchombo. Ndinafuna kutuma Naphiri kuti akawauze, koma ndangoti akathokoze.